Wouluka ndi Wosakalamba pa Msewu wa ku Tete

Achimwene anga a Sitefano anawadula mwendo wakumanzere mu Epulo, ndipo pofika Okutobala anali atasiya kuyankhula. Sikuti pakamwa panali vuto ayi. Ukawafunsa ngati adya, ankangogwedeza mutu. Ukawafunsa ngati bala likupweteka, ankayang'ana kumbali. Tsiku lonse ankakhala pakhonde la nyumba yanga ku Chipadze, ndodo zawo ziwiri atazigoneka pansi, kumayang'ana malole a miyala akudutsa.

Tonse awiri tinabadwira mu komboni ya mgodi ku Bindura konko, ku Zimbabwe. Bambo athu anachokera ku Mwanza, ku Malawi, ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito ya pansi mpaka chifuwa chinawatenga. Kuseri kwa kalabu ya mgodi kunali bwalo la simenti la basiketibolo, lomwe poyamba linali la ana a mabwana. Achimwene anakulira pabwalo limenelo. Anali aatali ngati mtengo wa magetsi, ndipo timu ya mgodi ikamasewera, anthu ankabwera kudzaonera iwowo akuponya mpira mu ringi ali kutali, n'kutembenuka osadikira kuona ngati walowa. Mgodi utachepetsa antchito, analowa gulu la makorokoza, aja okumba golide paokha m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe. Dzenje linawagumukira m'mawa wina. Anzawo awiri sanatulukemo. Alamu anga anatenga ana n'kupita kwawo ku Masembura, akuti kukathandiza kukolola, koma kukolola kunatha iwo osabwerera.

Amayi anali atabwerera ku Mwanza bambo atamwalira. Pafoni tinkangowauza kuti Sitefano wavulala mwendo, akupezako bwino. Palibe amene analimba mtima kunena zoona. Iwo ankangoti, "Bwera naye kuno mwana wanga, ndidzamusamale ndekha." Ine ndimagulitsa zovala za kaunjika pamsika, kuchoka m'mawa kubwera madzulo, ndipo kusiya munthu yekha tsiku lonse ali chete chonchija kunkandidetsa nkhawa. Nditawauza achimwene za ulendo, sanakane, sanavomere. Anangolongedza chikwama chawo okha, osalola kuti ndiwathandize.

Tinanyamuka Lachiwiri masana pa kombi ya ku Harare. Hwindi, uja woitanira anthu, atationa anakuwa m'Chishona, "Mudhara wemadondoro ngaagare kumberi!" Ankatanthauza kuti mdala wa ndodoyo akhale kutsogolo. Anachita zabwino, koma ndinaona nkhope ya achimwene ikulimba. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, amene tauni yonse inkamudziwa dzina, tsopano anali mdala wa ndodo. Kombiyo inaima kawiri pa marodibuloko, kenako inaimanso ku Mazowe kudikira mayi wina amene anatsika kukagula malalanje n'kuyamba kukambirana mtengo ngati kuti galimoto ndi yake. Ku Harare tinagona kwa msuweni wathu ku Mufakose.

Basi ya ku Blantyre anati inyamuka seveni koloko m'mawa. Teni koloko inakwana tidakali pomwepo, anyamata akukweza mabulangete, migolo yapulasitiki ndi matumba a shuga mu tilela yakumbuyo. Masitepe a basiyo anali aatali. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize, iwo analikankha. Anaponya ndodo mkati, n'kugwira zitsulo zapakhomo, n'kudzikoka ndi mikono yokha. Atafika pampando, malaya anali atanyowa ndi thukuta.

Mpando wathu unali wa anthu atatu. Ine ndinakhala kuwindo, achimwene pakati, ndipo kumapeto kunabwera bambo wina wachinyamata, wa zaka ngati makumi atatu, atavala vesiti yachikasu yokhala ndi nambala kumsana. Anati dzina lake ndi Dalitso, amaphika pa loji ina ku Harare, ndipo akupita ku Chilomoni kukaona mwana wake amene anabadwa iye kulibe. Kumbuyo kwathu kunakhala Che Saidi, mkulu wa kwathu ku Bindura, wogulitsa nsomba zouma, amene ankayenda msewu umenewu mwezi ndi mwezi.

Titadutsa Murewa, Dalitso anatulutsa foni n'kuyamba kuonera basiketibolo ya ku Amereka, mawu ali pamwamba. Anali munthu wosatha kusangalala yekha. Anagunda achimwene ndi chigongono.

"Akulu, taonani apa. Munthu uyu, chiyambire dziko, palibe anagoletsapo ngati iyeyu."

Ndinkafuna kumuuza kuti awasiye, sakumva bwino. Ndisanatsegule pakamwa, achimwene anayang'ana pafonipo n'kunena kuti, "Bodza."

Ndinachita kutembenuka kuti ndione ngati mawuwo achokeradi kwa iwo.

Maina a osewera a ku Amerekawo ine sindinawasunge, ndi ovuta palilime. Kunyumba kwathu tinali ndi maina athu. Amene achimwene ankamukonda kuyambira kale, uja tinkamuonera pa matepi a vidiyo ku kalabu, bambo anamutcha Wouluka, chifukwa akadumpha ankachedwa kutera. Wa Dalitso anali wa masiku ano, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, amene wasewera zaka zambirimbiri osatopa mpaka kupitirira onse pa mapointi. Ameneyo Dalitso ankamutchula kuti Wosakalamba.

"Bodza bwanji akulu? Mapointi amawerengedwa. Wanga ali pamwamba pa onse. Funsani aliyense."

"Munthu akadzaza nkhokwe chifukwa walima zaka zambiri, ndiye kuti ndi mlimi woposa onse?"

"Eya! Nanga nkhokwe ya ndani yadzaza?"

"Funsa kuti pa masewera amodzi ndani ankagoletsa kwambiri. Funsa kuti kukatsala kamphindi kamodzi, timu ili kumbuyo, mpira ungaupereke kwa ndani. Wako uja amaupereka kwa mnzake."

"Chifukwa si wodzikonda! Wanu uja ankadya yekha."

"Ankadya yekha chifukwa ankaphika yekha."

Dalitso anaseka mpaka kumenya mpando wakutsogolo. Achimwene sanaseke, koma anali atawongoka msana, manja akuyenda m'mwamba kusonyeza momwe Wouluka ankapotolera thupi potembenuka kuti aponye. Chichewa chawo chinkasakanikirana ndi Chishona, monga timachitira ife obadwira kuno, ndipo Dalitso ankati, "Bwerezani akulu, pamenepo mwandisiya pa Harare."

Tikuyandikira Mutoko, Che Saidi anasuzumira pakati pa mipando, kofiya ili pambali.

"Ana inu mukukangana za ana anzanu. Kunali chimphona china, nthawi ya ma TV opanda mitundu. Chimenecho tsiku lina chinagoletsa chokha mapointi oti timu yathunthu imalephera kufikapo."

"Aaa, madala," anatero Dalitso, "nthawi imeneyo ankasewera ndi anthu omufika m'chiuno."

"Inuyo munamuonapo, Che Saidi?" anafunsa achimwene.

"Sindinamuone. Ndinamva kwa mzungu wina wa ku sitolo ya mgodi."

"Ndiye khalani pansi, mungagwe."

Anthu oyandikana nafe anaseka. Mayi wina wakutsogolo anadandaula kuti mpira wa azungu wamudzutsira mwana, Dalitso n'kumuuza kuti onse atatuwo ndi akuda ngati ife. Ine ndinatsamira pawindo mtima uli m'malo koyamba m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndinkati ulendowu wayamba kale kuchiza.

Tinafika pa Nyamapanda dzuwa litayamba kupendeka. Pa msewu umenewu zipata ndi zinayi: kutuluka Zimbabwe, kulowa Mozambiki, kutuluka Mozambiki, kulowa Malawi. Pa chilichonse munthu atsike, aime pamzere, akwerenso. Kwa ife tonse ndi chotopetsa chabe, koma kwa munthu wa mwendo umodzi ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Malole anali ndondondo mpaka kutali, osintha ndalama akutizungulira ngati ntchentche. Titadinditsa mapasipoti, anatiuza kuti aliyense atsitse katundu wake aime naye pambali pa basi. Achimwene anali atakhala pamwala pamthunzi, patali pang'ono, akupuma movutikira, choncho ndinatenga zikwama zonse ziwiri.

Wofufuza katundu atafika pa ine, ndinatsegula changa, kenako cha achimwene. Munali malaya atatu, mabuluku awiri, mapepala a kuchipatala, ndipo pansi penipeni panali nsapato imodzi ya mpira, yakale, yakumanzere. Ndinadabwa kuti munthu anyamuliranji nsapato ya phazi lomwe kulibe. Wofufuzayo anangosuzumira n'kupita kwa wina. Ine ndinaikweza nsapato ija ndipo ndinamva kuti ikulemera. Mkati munali sokosi, ndipo mu sokosimo munali kabotolo ka mankhwala ophera tizilombo m'munda, aja amagwiritsa ntchito m'mafamu a fodya ku Matepatepa. Kanali kosatsegula.

Achimwene analibe munda. Amayi ku Mwanza salima fodya.

Ndinakumbukira kuti sabata yathayo anapatsa mwana wa aneba wailesi yawo, ndi kuti ulendowu sanaukane n'komwe. Ndinaika kabotoloko m'chikwama changa cha m'manja, pansi pa chitenje, n'kubwezera nsapato momwe inalili. Nditayang'ana kumthunzi kuja, ndinawaona akukangana ndi Dalitso, chala chili m'mwamba.

Tinadutsa pa Cuchamano, mbali ya Mozambiki. Dziko la kumeneko ndi louma, milambe ndi mbuzi basi, ndipo mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera mu uvuni. Chikwama ndinachikumbatira pamiyendo. Ndinkadzifunsa kuti ankafuna akachitire kuti. Kwa amayi? Atawaona kaye? Kapena m'njira momwemo, pamalo poti palibe akuwadziwa? Pambali panga mkangano unkapitirira. Anali atafika pa nkhani ya malamulo, achimwene akuti kale ankakumenya chigongono m'nthiti woyimbira osaimba wezulo, pamene masiku ano ukangomupumira munthu akuti faulo. Dalitso akuti kale sankadziwa kuponya ali kutali. Mawu onsewo ankangondidutsa.

Titapitirira Changara pang'ono, kutsogolo kunamveka kuphulika, nthunzi n'kudzaza kwa dalaivala. Basi inayenda pang'ono n'kuima pambali. Paipi ya madzi inali itang'ambika. Kondakitala anayesa kuimanga ndi mphira ya chubu, anathiramo madzi onse amene anthu tinali nawo m'zigubu, koma atangoliza injini inaphulikanso pomwepo. Anatiuza kuti aimbira makaniko ku Tete, akubwera. Che Saidi anaseka pang'ono n'kuyala kamkeka kawo pansi pa mlambe.

"Akati akubwera, mwana wanga, ndiye kuti sanavale n'komwe nsapato," anandiuza.

Tonse tinatsika chifukwa m'basi simunkakhalika. Amayi a m'mudzi wapafupi anabwera ndi madzi a m'ndowa ndi nyama yambuzi yootcha. Ora linatha, lachiwiri linatha. Galimoto iliyonse ikamveka, anthu ankadzuka, kenako n'kukhalanso. Achimwene anatsamira tsinde la mlambe, Dalitso anakhala pa chigubu moyang'anana nawo, ine chapambali. Foni ya Dalitso inali itazima, ndiye mkangano unatsala wa pakamwa pokha, ndipo kutentha kunaupangitsa kukhala waukali.

"Chimene sindimukondera wanu uja," anatero Dalitso, "n'choti ankathawa. Wasiya, wabwerera, wasiyanso. Wanga sanachokepo. Maondo akupweteka, ndevu zachita imvi, ana amene anabadwa iye akusewera kale akumuthamangitsa, koma ali pomwepo."

"Ndiye zimenezo n'zonyaditsa?"

"Kwambiri!"

"Iwe mphwanga sudziwa kanthu." Mawu a achimwene anatsika. "Munthu azichoka anthu akumukumbukira ali m'mwamba. Osati kumadzikoka pabwalo, anthu akuwomba m'manja chifukwa cha chisoni, akukupatsa mpando wakutsogolo. Wouluka analakwitsa chinthu chimodzi chokha, kubwereranso atakalamba. Akanangopita. Ukaona kuti zatha, umadzichotsa wekha usanayambe kulemetsa anzako."

Dalitso anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma ine ndinali nditaimirira kale. Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji.

"Mukunena za ndani, achimwene?"

"Za mpira, Eneti. Khala pansi."

"Za mpira?" Ndinapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kabotolo kaja. "Nanga aka n'ka mpira?"

Sanayang'ane kabotoloko. Anayang'ana ine, kenako pansi. Mayi wa mwana uja anagwira pakamwa.

"Unapisa m'chikwama changa."

"Ndinapisamo! Mumafuna mukamwere kuti? Pakhomo pa amayi? Ndikutengeni ine kuchokera ku Bindura, zipata zinayi, kuti amayi akakuoneni tsiku limodzi, lachiwiri akusambitseni?"

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa! Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikutsitsa mawu m'nyumba yanga yomwe, kuyenda monyang'ama kuopa kukukhumudwitsani. Lero mwapeza pakamwa chifukwa cha anthu a ku Amereka amene sakudziwani n'komwe, koma ine mlongo wanu simungandiuze kuti mukufuna kufa?"

Achimwene anatola kamwala n'kumakatembenuza m'manja. Atayankhula, anayankhula motsitsa kwambiri moti ndinachita kugwada kuti ndimve.

"M'dzenje muja tinalimo atatu, Eneti. Wina anali ndi ana anayi. Wina anali asanakwatire n'komwe. Ndinkawamva akuitana mpaka anasiya. Anatulutsa ine, wotha kale ntchito. Ndikatseka maso ndimawamva. Ndiye ndikafike kwa amayi chonchi, azikanditungira madzi, munthu wa zaka zawo zija?"

Ndinangonena zomwe zinabwera.

"Akakutungirani, inde. Ine ndakutungirani, sindinafe nazo. Mwana wanu Tendai amandiimbira foni kufunsa ngati adadi ayamba kuyenda. Ndizikamuuza chiyani? Kuti anachoka ali m'mwamba?"

Pamenepo anaphimba nkhope ndi mkono. Mapewa ankagwedezeka koma mawu sankatuluka. Dalitso anali ataimirira, manja ali pamutu, akubwerezabwereza kuti, "Pepani akulu, ine sindimadziwa, ndimangocheza."

Che Saidi ndi amene anadzuka. Anapita kwa kondakitala kukabwereka chitsulo chochotsera matayala, n'kundikodola. Tinayenda kuseri kwa basi, kutali ndi njira ya mbuzi, ndipo mkuluyo anakumba dzenje m'dothi louma lija mpaka thukuta kudontha m'ndevu. Ndinaponyamo kabotoloko kosatsegula. Anakwirira, napondaponda, n'kugubuduzirapo mwala waukulu kuti ana a m'mudzimo asadzakafukule.

"Usamusiye yekha," anatero akupukuta manja. "Ndipo kumene mukupitako, ukauze anthu. Ukapite naye kuchipatala, osati chifukwa cha mwendo wokha. Zinthu izi zimakula ukazibisa."

Makaniko sanabwere tsiku limenelo. Tinagona m'basi momwemo, ine nditagwira m'mphepete mwa malaya a achimwene mpaka kunja kunayera. Anafika m'mawa pa njinga yamoto, paipi atakoleka m'khosi, ndipo pasanathe ora injini inalira. Anthu anawomba m'manja. Pampando wathu panalibe amene anawomba.

Ku Tete tinaima pang'ono kuti anthu asambe m'maso ndi kugula buledi. Tinawoloka Zambezi, madzi ali mbee ndi dzuwa, ndipo ndinazindikira kuti ndakhala ndikuyang'ana manja a achimwene m'malo moyang'ana mtsinje. Tinadutsa Moatize ndi milu yake ya malasha, msewu n'kuyamba kukwera mapiri. Dalitso anakhala chowongoka ngati mwana wa sukulu wolangidwa. Anagula mabotolo atatu a madzi n'kutipatsa awiri osanena kanthu. Achimwene akasuntha pang'ono, iye ankadzipanikiza kumapeto kwa mpando kuti awapatse malo.

Tatsala pang'ono kufika pa Zobue, achimwene anamutembenukira.

"Wangoti duu bwanji? Wagonja?"

"Ayi akulu. Kungoti... mwina mukunena zoona. Wanu uja ndiye woposa."

"Usandinamize."

"Sindikunama."

"Ukunama. Dzulo umakuwa mpaka kudzutsa mwana wa eni. Chitulukireni m'chipatala, aliyense amangondivomera. Ndikati kunja kukuzizira, dzuwa likuswa mtengo, akuti inde mukoma, inde achimwene, kukuzizira. Iwe ndiwe woyamba kundiuza kuti ndikunama. Ndiye usayambe zimenezo."

Dalitso anandiyang'ana ngati akupempha chilolezo. Ine ndinangokweza mapewa.

"Chabwino," anatero pang'onopang'ono. "Wanu uja ankadziwa kudumpha, sindikana. Koma pa kugoletsa, akulu, ndi wachiwiri."

"Wachiwiri kwa ndani? Kwa chimunthu chako chija chonga galimoto ya malasha?"

Anayambiranso, koma osati ngati dzulo. Mawu anali otsika, ndipo nthawi zina achimwene ankasiya chiganizo pakati n'kuyang'ana panja. Che Saidi anayesanso kulowetsa chimphona chawo, onse awiri anawauza kuti adikire kaye apeze umboni. Palibe anasintha maganizo. Pa Zobue, potsika, achimwene anaima pakhomo la basi n'kuyang'ana masitepe aja. Mikono inali itatopa. Dalitso anatsika patsogolo n'kuima pansi osatambasula dzanja, atangopereka phewa. Achimwene anazengereza, kenako analigwira.

Pakati pa Zobue ndi chipata cha Malawi pali kamtunda ndithu. M'menemo ndi momwe ndinawauza achimwene.

"Amayi ndikawauza za kabotolo kaja."

"Ukufuna uwaphe?"

"Ndikawauza. Ndipo Lolemba tikupita kuchipatala. Sindibwerera ku Bindura ndisanachite zimenezo."

Basi itayamba kuchepetsa liwiro, achimwene anati, "Usawauze iwe. Ndikawauza ndekha." Sindinawakhulupirire, ndipo mpaka lero sindinganene kuti mtima wanga unakhazikika. Koma anawauzadi, patapita masiku atatu, ine ndili pomwepo, ndipo kuchipatala tinapita.

Pa chipata cha Mwanza panalibe mzere wautali. Titadinditsa, basi inatitsitsa pa siteji ya m'tauni cha m'ma thuu koloko. Dalitso anatitsitsira zikwama, n'kulemba nambala yake pa chikutiro cha mapepala a kuchipatala aja. Anati nyengo ya mpira ikayamba aziwaimbira kuti aziwauza momwe Wosakalamba akuwonjezerera mapointi. Achimwene anati asawononge mayunitsi ake. Che Saidi anatikwezera dzanja pawindo, basi n'kupita.

Amayi ndinawaona ndisanawafune. Anali atakhala pa benchi ya wogulitsa mbatata, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, ndipo tinamva pambuyo pake kuti anali atabweranso dzulo lake n'kudikira mpaka dzuwa kulowa. Anali atachepa thupi kuposa momwe ndinkawakumbukira. Atationa anadzuka mofulumira, akumwetulira, manja ali m'mwamba. Anayenda masitepe angapo n'kuima.

Anayang'ana ndodo. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo. Kenako maso anatsika mpaka pamene buluku linathera, pomwe ndinalipinda n'kulimanga ndi mapini awiri m'mawa wa ku Mufakose. Ndinkadikira kukuwa. Ndinali nditakonzeka kuwagwira akamagwa. Achimwene anali ataweramitsa mutu.

"Amayi," anayamba, "tinalephera kukuuzani..."

Amayi sanawalole kumaliza. Anafika pafupi n'kugwada pafumbi pomwepo, pamaso pa anthu a pa siteji, n'kugwira buluku lija.

"Wapinda ndani apa?"

"Ndine, amayi," ndinayankha.

"Mpaka lero sudziwa kupinda nsalu. Pini iyi imubaya mwanayu."

Anachotsa mapini onse awiri n'kuwaluma pakamwa. Nsalu inawapulumuka kawiri. Anaisalaza, anaipinda bwinobwino kuloza kumbuyo, n'kuimanganso, misozi ikutsikira pa mapini ali pakamwapo. Atamaliza anasiya chikhatho chawo pamenepo, pa bondo lomwe linatsala, kwa nthawi yaitali. Achimwene ankalira poyera tsopano, ngati mwana, osabisa nkhope chifukwa manja onse anali pa ndodo.

Kenako amayi anagwira ndodo imodzi n'kudzikoka nayo kuti aimirire.

"Tiyeni," anatero. "Ndapangana ndi wa ngolo, akudikira kuseri kwa msika. Eneti, nyamula zikwama. Iwe Sitefano, tsogola, ndione momwe ukuyendera."